Ndani Anasasula Denga?

Lonjezolo linaperekedwa m'mwamba, onse awiri ali kutali ndi nthaka. Mmisiri anali atakhala chotang'adza pa mtanda wapakati wa tchalitchi chatsopano, misomali itatu ili pakamwa. Mwana wake wamwamuna, amene anali atatsala ndi sabata imodzi kuti anyamuke ulendo wa kunja, anali pamakwerero akumupatsira nyundo. Malata anali asanakhomedwe. Dzuwa linkadutsa pakati pa mitanda n'kukajambula nthiti za chinyama chachikulu pa simenti, ndipo fungo la utuchi linali ponseponse.

"Iwe, ukudziwa kuti munthu wakufa amagona bwanji?" anafunsa Mmisiri atalavulira misomali m'dzanja.

"Bambo, nkhani zanji zimenezi tili pamwamba chonchi?"

"Amagona chagada, maso kumwamba. Ndiye tsiku langa likadzafika, anthu onse adzakhala akuyang'ana abusa, ine ndekha ndidzakhala ndikuyang'ana ntchito yanga. Mudzandilowetse muno. Mudzandiike pakati penipeni, pansi pa mtanda ndakhalira uno, ndidzaone ngati sunapindike. Musadzandipempherere panja ngati mbuzi yogundidwa ndi galimoto."

Mwanayo anaseka, koma ataona kuti bambo ake sakuseka, anakweza dzanja.

"Ndalonjeza, bambo."

"Lonjeza ndi pakamwa, dzanjalo gwira makwerero. Ungatsogole ndiwe."

Mwanayo ananena kuti akakhala kunjako zaka zitatu. Anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzikolo linali lozizira, ndipo anapeza ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, yosaka zolakwika m'masamba asanapite pamakina. Anawerenga mabuku a malamulo, a mankhwala, a anthu okana Mulungu ndi a anthu omuikira kumbuyo, a kaphikidwe ndi a nkhondo, mpaka maso anatha, magalasi nanenepa ngati tako la botolo. Palibe kadontho kosokera kamene kanamudutsa. Koma nthawi yopuma masana, akatsamiritsa mutu pa mulu wa mapepala, denga la bambo ake linkabwera. Linkabwera ngati bwato lotembenuzidwa, likuyandama pang'onopang'ono pamwamba pa nyumba zazitali za eni dziko, mitanda yake isanu ndi inayi ikulira monga matabwa amalirira dzuwa likatentha. Ankadzidzimuka m'mphuno muli utuchi, kunja kukugwa chipale chofewa.

Mlongo wake, amene anatsala akusamala bambo awo, ankalemba makalata. Chaka china analemba kuti, "Achimwene, bambo akuti mawaya amene amamanga mitanda kukhoma ayamba dzimbiri. Akuti akufunika kusinthidwa, ndipo iwo miyendo yakana makwerero." Iye anawerenga kalatayo cholembera chofiira chili m'dzanja, mwa chizolowezi, n'kupezamo zolakwika zinayi. Kenako anachita chimene munthu wophunzira amachita akauzidwa za dzimbiri ali kutsidya la nyanja: anaimbira foni kampani ya inshuwalansi ya kwawo kuti iteteze tchalitchicho, iye azilipira ali komweko.

Bambo wa ku kampaniyo anamufotokozera kuti pali njira ziwiri. Yoyamba inali ya moto ndi akuba. Yachiwiri inkawonjezera zinthu zimene palibe munthu angaziletse, monga mphepo yamkuntho, madzi osefukira, mphezi ndi chivomezi. "Zimenezi m'malamulo athu timazitcha zochita za Mulungu," anatero bamboyo. "Tikulembereni nazo?"

Iye anaseka mpaka kutsokomola.

"Mukufuna kuti nditeteze nyumba ya Mulungu kwa Mulungu? Ndani anaonapo bambo akuswa mbale za m'nyumba mwake?"

Nthabwalayo inamukomera kwambiri. Anaifotokozera anzake a kuntchito m'chinenero chawo, anailembera mlongo wake, anainena paphwando la munthu wina wopuma pantchito. Chaka ndi chaka, kwa zaka khumi ndi chimodzi, pepala latsopano linkabwera, iye n'kulipinda bwinobwino osalitsegula mkati. Nthabwala ija anaikumbukira nthawi zonse. Chimene anaiwala n'chakuti nthabwalayo inali yankho.

Atabwerera kwawo, tsitsi litayera, anapeza kuti kwawoko kunasamuka iye kulibe. Pamene panali shedi ya bambo ake yopaliramo matabwa panali sitolo yokonza mafoni. Mtengo umene ankayezerapo msinkhu wake unali utadulidwa kuti padutse mawaya a magetsi. Akalankhula, achinyamata ankamuyang'ana ngati akumva wailesi yakale, chifukwa mawu ake anali a zaka makumi atatu zapitazo, osungidwa mozizira ngati nyama. Dzina lake palibe ankalikumbukira. Ankangoti a Magalasi, ndipo iye anavomera, poti mlendo sasankha mpando.

Tchalitchi chokha ndi chimene chinamudikira. Anapitako ndi bambo ake tsiku lina lapakati pa sabata, mulibe munthu. Mmisiri anali atafupika, akuyenda ndi ndodo, koma atangolowa khosi linawongoka, maso nakwera m'mwamba. Magalasi nayenso anayang'ana. Mitanda inali yomwe ija ya m'maloto, itada ndi zaka, ndipo m'mabowo a misomali yakale dzuwa linkadontha timadontho towala ngati nyenyezi za masana. Zaka zonse zija anali asanalirepo, ndipo sanafune kuyambira pamaso pa bambo ake.

"Usayang'ane pakati, pakati mpabwino," anatero Mmisiri akuloza ndi ndodo. "Yang'ana m'mphepete, pamene mtanda wakhala pakhoma. Ukuona kufiira uko? Ndi waya ameneyo, watha. Ndipo njira yadothi iyo ikukwera pakona si zokongoletsa, ndi chiswe. Denga ili langokhala pakhoma ngati chipewa pamutu pa munthu woledzera. Ugule mawaya ndi matabwa awiri, ine ndikhala pampando pansi pano ndiziwauza anyamata pomanga. Mvula isanayambe tatha."

Magalasi anagwira thumba la jekete, mmene munali envelopu.

"Bambo, zimenezo ndinazikonza kalekale. Denga limeneli ndi lotetezedwa. Likangoti lachita kanthu, kampani imanga lina."

"Pepala lakolo lili ndi misomali ingati?"

"Masiku ano zinthu siziyenda ndi misomali, bambo."

"Oho," anatero Mmisiri. "Ndiye mphepo unaiuza?"

Mphepoyo inabwera Lachinayi masana, amayi a kwaya atangotuluka kumene. Magalasi anali pakhonde la nyumba ya mlongo wake akuwerenga, ndipo anaona zonse pamwamba pa buku. Kumwamba kunachita chikasu ngati diso la munthu wodwala. Agalu anakhala chete. Kenako mapepala, zovala za pachingwe ndi beseni la munthu wina zinadutsa mumsewu ngati zikuthamangira basi. Anaona denga la tchalitchi likutukula mbali imodzi pang'ono, mwaulemu, ngati munthu wopereka moni, n'kubwerera. Linatukulanso. Kachitatu linanyamuka lonse, n'kuyandama pamwamba pa mitengo, pang'onopang'ono, ndendende monga linkachitira m'maloto ake, moti kwa kamphindi anamwetulira, akuganiza kuti wagona pa mulu wa mapepala ndipo posachedwa belu la kuntchito limudzutsa. Phokoso ndi limene linamuuza kuti ali maso. Denga linatera pa bwalo lopanda nyumba kuseri kwa tchalitchi, ndipo mvula inayamba.

M'mawa mwake mpingo wonse unali pabwalopo. Amuna anabwera ndi nyundo, macheka ndi zingwe. Ena anayi ananyamula Mmisiri ndi mpando wake womwe, n'kumuyendetsa mozungulira chimulu chija ngati dokotala woyendera odwala. Mtanda uliwonse ankaugogoda ndi ndodo, khutu atatchera.

"Uwu wafa. Uwu uli moyo. Uwu wathyoka mwendo koma uchira. Wapakati uwu," anaugogoda kawiri, nkhope ikuwala, "mwamva? Ukulira ngati ng'oma. Isanu ndi umodzi ili moyo. Malata ambiri tiwawongola. Ndipatseni amuna khumi ndi masabata atatu, mupemphera pamthunzi. Choyamba, ichotseni pamatopepa."

Amuna anali atawerama kale pamene Magalasi analowa pakati, envelopu ili m'mwamba.

"Musakhudze ngakhale msomali umodzi! A kampani ayenera kuona mmene zagwera. Mukasuntha kanthu, mwafafaniza umboni. Bwanji tivutike ndi malata opindika pamene tingathe kulandira atsopano? Mitanda ya bambo yomweyi idzabwezeretsedwa ndi amisiri olipidwa, mawaya atsopano, utoto womwe. Tingodikira masiku ochepa."

Anthu amaopa munthu wolankhula chala chili pa pepala. Komanso ndani akanatsutsa munthu amene analipirira tchalitchi chawo zaka khumi ndi chimodzi ali kutali? Nyundo zinabwerera m'matumba. Abusa, munthu wachinyamata wa mawu ofatsa, anapatsidwa fomu kuti alembe monga mkulu wa mpingo, ndipo mapemphero anasamukira m'kalasi ya sukulu yapafupi, akuluakulu atapinda mawondo m'madesiki a ana.

"Achimwene," anatero mlongo wake pobwerera, "ngakhale kungoinyamula kuika pansi pa khonde? Mvula yayamba iyi."

"Iwe umadziwa za inshuwalansi?"

"Ayi. Ndimadziwa za zovala. Zikakhala pachingwe mvula ikubwera, ndimaanula."

Mayi wa ku kampani anabwera patatha masabata atatu, atavala nsapato zafulati, tepi yoyezera ili m'chiuno. Sanali munthu wa nkhanza. Anakwera pakhoma yekha, anajambula zithunzi, anayenda m'matope mozungulira mitanda, kenako onse anakhala m'kachipinda ka abusa, kamene denga lake linatsala. Mlongo wa Magalasi anabweretsa tiyi.

"Abusa," anayamba mayiyo, "apa pamene pafunsidwa kuti chinayambitsa ngozi n'chiyani, palembedwa kuti 'Dzanja la Mulungu'. Munalemba ndinu?"

"Ndine, mayi. Nanga ndikanalemba chiyani? Tsamba la mtengo siligwedezeka Iye osalola, ndiye denga lathunthu?"

"Ndiye ine ndi inu tikugwirizana." Anatsegula pepala la mgwirizano, n'kulitembenuzira kwa Magalasi. "Bambo, tsamba lachisanu ndi chinayi, m'munsimu. Zochita za Mulungu sizili mu mgwirizano wanu. Munafunsidwa pachiyambi, munakana. Pali chizindikiro apa."

Magalasi anayandikitsa pepalalo kumaso. Zilembozo zinali zazing'ono, za mtundu umene anaudziwa bwino, mtundu umene anadyera zaka makumi atatu. Munalibe cholakwika chilichonse. Anamva mawu ake omwe akuseka pafoni m'chipinda chozizira, kutali, kalekale.

"Abusa alemba ngati mbusa," anatero mofulumira. "Chimenecho n'chinenero cha kuguwa, si cha pa fomu. Mphepo ndi mpweya wotentha ukakumana ndi wozizira, mwana wa sukulu aliyense akudziwa. Mulungu sakhudzidwa ndi nkhaniyi."

"A Magalasi!" anatero abusa, kapu itaima panjira. "M'nyumba Yake momwe muno?"

"Chabwino, tinene kuti si Mulungu," anatero mayiyo. "Nyumba zonse za mumsewu uno madenga ali chikhalire. Ndakwera pakhoma paja, waya wina ndamuthyola ndi zala ziwiri ngati bisiketi. Pakona pali chiswe chonenepa kuposa ine. Ngati si Mulungu, ndi dzimbiri ndi chiswe. Tembenuzani masamba awiri: kampani siilipira chinthu chowonongeka chifukwa chosasamalidwa. Kodi panalibe amene anakuuzani za mawayawo?"

Mlongo uja anayang'ana achimwene ake, supuni ikuzungulira m'kapu.

"Koma mayi, taganizani bwino," anatero Magalasi, thukuta likutsika. "Malamulo amenewa analembera nyumba za anthu wamba. Iyi ndi nyumba ya Mulungu. Mwini wake ndi Mulungu!"

"Mwini wake ndi Mulungu?"

"Inde!"

"Ndipo abusa akuti anasasula ndi Mulungu?"

Abusa anagwedeza mutu kuvomera, mosafuna.

"Bambo, mwini nyumba akagwetsa yekha nyumba yake, ife sitilipira. Enawo timawatengera kupolisi."

Mlongo uja anaphulika kuseka mpaka tiyi kutayikira m'thireyi. Anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu.

"Pepani mayi, pepani abusa. Achimwenewa analemba kalata kuti sanaonepo bambo akuswa mbale za m'nyumba mwake. Achimwene, mwakhalitsa kunja."

Potuluka, mayi wa ku kampani anaima pakhomo n'kutsitsa mawu.

"Mitanda ija ndi yokongola, bambo. Masiku ano kulibe wopala choncho. Zithunzi ndajambula kale, palibenso chodikira. Ndikanakhala inu, ndikanaichotsa pamvula lero lomwe."

Apa ndi pamene njira inagawikana, ndipo Magalasi anaiona bwinobwino. Akanatha kupita kwa bambo ake, kugwada, n'kunena kuti itanani amuna khumi aja. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa mpingo wonse kuti munthu wa mabuku onse aja sanawerenge tsamba limodzi, ndi kuti chimene anabwera nacho kuchokera kutsidya la nyanja ndi envelopu yopanda kanthu. Manyazi amalemera kuposa mtanda.

"Zithunzi ndi zanu," anatero. "Ine ndikadandaula ku likulu. Abwana anu adzabwere adzaone ndi maso awo. Mpaka tsiku limenelo, umboni sukhudzidwa."

Makalata amene analemba miyezi imeneyo anali okongola kuposa chilichonse chimene anachikonzapo kunja. Ankakhala pathebulo la mlongo wake kuyambira m'mawa, akufunsa likulu la kampani mafunso amene anzeru akale analephera kuyankha. Ngati zonse ndi zochita za Mulungu, nanga moto ndi wa yani, poti moto mumalipira? Wakuba amene amaswa zenera anapatsidwa dzanja ndi yani? Kodi kampani inamuona liti Mulungu kuti idziwe ntchito Zake ndi zimene si Zake? Ankawerengera mlongo wake mokweza, mlongoyo akusita zovala.

"Zamveka bwino, achimwene. Kwagwanso mvula usiku, mwaona?"

Yankho lililonse linkati nkhani yanu tailandira, ikuunikidwa. Amuna a mpingo anabwera kawiri kudzapempha kuti ayambe ntchito, ndipo kawiri konse anawaonetsa kalata yokhala ndi chidindo. Mvula sinaunike kanthu. Inagwa pa mitanda, inagwa pa mabenchi amene anatsala mkati, inalowa m'makoma kuchokera pamwamba pomwe panalibe chophimba.

Tsiku lina mvula itakata, Mmisiri anapempha kuti amutengere ku tchalitchi. Magalasi anamugwira mkono, ndipo anayenda pang'onopang'ono ngati anthu owoloka mtsinje. Mkati munali mutasanduka dziko lina. Udzu unali utamera m'ming'alu ya simenti, wobiriwira ngati wopaka utoto. Pamalo pa kwaya panali chithaphwi, ndipo mitambo inkayenda m'menemo. Anamzeze ankalowa ndi kutuluka osafunsa chitseko. Anakhala pa benchi yapakati, ndipo Mmisiri anagoneka mutu kumbuyo.

"Ukuona mtambo uwo? Wapindika. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanauwongola."

"Bambo, yankho lenileni libwera mwezi uno. Ndalembera mkulu wa onse."

"Ndikatsinzina ndimaiona," anatero Mmisiri ngati sanamve. "Yonse isanu ndi inayi. Wachitatu uja uli ndi mfundo ngati diso, ndinaubisa kumbali ya khoma kuti anthu asamauyang'ane nthawi ya ulaliki. Wachisanu ndi chiwiri ndinapala tsiku limene amayi ako anandikwiyira, ndiye ndi wosalala kuposa yonse. Iwe unali pamakwerero, ukunjenjemera ngati mwanapiye."

"Sindinanjenjemere."

"Unanjenjemera. Makwerero ankalira." Mmisiri anagogoda benchi ndi ndodo. "Ine sindikukwiya ndi Mulungu, mwanawe. Mphepo ndi ntchito Yake, kumanga waya ndi ntchito yanga. Tinagawana choncho kalekale, ndipo sitinakanganepo. Iwe ndi kampani yako ndi amene mwabwera kudzatisokoneza."

Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta. Popanda iwo makoma anasungunuka, kumwamba kunatsika, ndipo kwa kanthawi anaona mizere yakuda isanu ndi inayi itadutsa pamwamba pawo, dzuwa likudontha pakati pake. Atawavalanso panalibe kanthu, koma anaona chinthu chimene poyamba sanachione: mng'alu wotsika kuchokera pamwamba pa khoma la kum'mawa mpaka pa zenera, wolowa dzanja.

Sabata yotsatira a khonsolo anabwera, anayeza khomalo, anati lapendekeka ndipo likhoza kugwera munthu. Anamanga tepi yofiira pazitseko zonse ziwiri n'kumata chikalata choletsa kulowa. Sabata inayo kalata ya ku likulu inafika. Inali ya mizere itatu. Inati kampani yaunika mofatsa, ikumva chisoni, ndipo chigamulo sichisintha. Mu mzere wachiwiri munali chilembo chimodzi chosowa, ndipo dzanja la Magalasi linapita lokha m'thumba kukafuna cholembera chofiira.

Tsiku lomwelo anayenda khomo ndi khomo kukapempha amuna aja, chipewa chili m'manja. Sananene zambiri, ndipo anthu sanamufunse zambiri, chifukwa munthu akagwa m'matope sumufunsa kuti matope akoma bwanji. Amuna anabwera oposa khumi. Ananyamulanso Mmisiri ndi mpando wake mpaka pabwalo paja. Udzu unali utafika m'chiuno. Atausenga, mitanda inaoneka itagona mmene inagwera miyezi isanu yapitayo, yakuda, yoterera, bowa woyera atamera m'mbali mwake ngati makutu. Mmisiri anapempha kuti amuyandikitse kwa wapakati uja. Anakweza ndodo n'kugogoda. Sipanamveke kulira. Ndodo inalowa ngati mu buledi wonyowa.

Anayesa wina, ndi wina. Kenako anaika ndodo pamiyendo.

"Yagona," anatero. "Musaidzutse. Ndibwezeni kunyumba."

Anakhalabe ndi moyo masabata asanu ndi limodzi. Sanadandaule, sanatchulenso za denga. Ankakhala pakhonde akusisita mkono wa mpando wake ndi chala chachikulu, monga mmisiri amafufuzira pamene sipanapalidwe bwino. Anamwalira m'mawa wina, mlongo uja atapita kukatenga shuga kukhitchini, tiyi akadali wotentha.

Magalasi anathamangira ku khonsolo. Anapempha ola limodzi lokha, theka la ola, mphindi khumi, kuti bokosi lingolowa n'kutuluka. Mkulu wa kumeneko anamumvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Pepani kwambiri, bambo. Koma khoma lija likagwa anthu ali mkati, pa fomu tidzalemba kuti wagwetsa ndani?"

Magalasi anatuluka, anayenda wapansi mpaka kunyumba, envelopu ija ikadali m'thumba la jekete, yopindidwa bwinobwino, youma. Iye anali ndi mitanda isanu ndi umodzi yamoyo, amuna khumi ndi mmisiri amene ankadziwa mfundo iliyonse ya thabwa lililonse, ndipo zonsezo anazisiya pamvula podikira denga lolembedwa papepala. Akuluakulu sananame pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Abusa anamupempherera Mmisiri Loweruka, panja, pansi pa lona labuluu lobwereka kwa wogulitsa makala, bokosi lili pa mabenchi awiri m'mphepete mwa msewu.